Ndime yachitatu ya nyimbo yanu ya Pasaka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ndine Esinati. Ndakhala pakhonde lanu lija loyang'ana kuphiri la Thyolo, lero Lolemba, nditangoweruka kothyola tiyi, ndipo zala zanga zikadali zakuda ndi utomoni wa masamba. Pasaka inali dzulo. Ndati ndilembe zonse zisanazizire mumtima.

Papita miyezi isanu chikuikireni m'manda, nthawi ija ya mvula yoyamba ngumbi zikutuluka. Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Mng'ono wanga Rozina, chitsiriza wanu, anachira. Ndi mwana wamkazi, anabadwa chimanga chikumasula ngayaye. Ndi wochepa thupi koma amayamwa ngati walipidwa. Tsiku lomusambitsa koyamba Rozina analira, akuti ntchito imeneyo inali yanu. Ndinamusambitsa ine, ndikuyesa madzi ndi chigongono monga munkachitira, ndipo mwanayo sanadandaule.

Kamunda kathu ka kuseri kwa mitengo ya bulugamu kabereka ndithu, ngakhale anyani anatengako gawo lawo. Nandolo wayamba maluwa. Kalongonda uja munasiya mumtsuko ndinamuphika mwezi wathawu, koma ndinafulumira, madzi ndinangotaya kawiri. Amuna anga a Petulo anakhala tsiku lonse mutu ukuzungulira, kufakitale sanapite, ndipo mpaka lero akandiona ndi mtsukowo amathawira kubwalo. Ndinakumbuka mawu anu aja akuti kalongonda ndi mlendo waulemu, samuthamangitsa. Ndamva tsopano.

Tiyi chaka chino waphuka kwambiri. Dengu limadzaza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo khosi limadziwa. Malo anu pamzere anapatsa mtsikana wina wochokera ku Masambanjati. Ndi waulemu, koma sayimba pothyola, ndiye mzere wathu uli zii.

Tsopano ndinene za Pasaka, poti ndiyo yandikhazika pansi.

Kutatsala masabata atatu, aphunzitsi a Yotamu anatiuza kuti titsale titatha kupemphera. Anati abusa a kumishoni safika pa Pasaka, ali ndi mipingo yambiri, adzabwera ndi njinga yawo Lamulungu lachitatu Pasaka itapita kudzatipatsa mgonero. Choncho zonse zinali m'manja mwathu. Tinagawana ntchito. Amuna akafolere mbali ya denga imene ikudontha, a Petulo akadule kanjedza kudambo, amayi tikazire pansi Loweruka. Za Lachisanu Loyera zinavuta pang'ono, chifukwa nyengo ino bwana wa esiteti salola kuti tsiku lipite masamba ali pamtengo. Aphunzitsi anapita kwa a Mpoya, akapitawo athu, ndipo anagwirizana kuti tikamaliza mgwazo wathu, gawo lathu la tsikulo, dzuwa lili pamutu, tiweruke tikapemphere.

Kenaka aphunzitsi anati, "Nanga m'mawa wa Lamulungu kumanda, nyimbo adzayambitse ndani?"

Aliyense anayang'ana pansi. Zaka zonsezi ndinu munkatitsogolera mbandakucha wa Pasaka kuchoka pakachisi mpaka kumanda, ndi nyimbo yanu ija ya Chilomwe imene mulibe m'buku. Ine ndinkaganiza kuti aphunzitsi angosankha ina ya m'buku, nkhani ithe.

Amene anatsegula pakamwa ndi a Nasibeko. Inde, a Nasibeko omwe aja, amene makolo awo anali pano tiyi asanabzalidwe, amene chaka ndi chaka ankakangana nanu kuti m'nyumba ya Mulungu musamalowe nyimbo za Anguru, monga ankatitchulira ife Alomwe, zimene anthu sazimva. Ndinakonzeka kumva zowawa. Koma iwo anati, "Nyimbo ya malemu iyimbidwe. Ine ndinkalimbana nawo, nonse mukudziwa. Koma ndayesa kuganiza m'mawa wa Pasaka wopanda nyimbo imene ija, ndaona kuti ungakhale ngati m'mawa wa Lachiwiri. Mwana wawo alipo apa, ayambitse iyeyu."

Ndinavomera pamaso pa anthu. Nditafika kunyumba ndi pamene ndinazindikira kuti ndavomera chinthu chimene ndilibe. Ndime ziwiri zoyamba ndimazidziwa, poti tonse tinkavomera. Koma yachitatu munkayimba nokha, ife titagwada, nkhope yanu ili pansi, mawu ali otsika. Ndinkamva kayimbidwe kake ndi mawu akuti Muluku, amene ndikudziwa kuti ndi Mulungu, basi. Enawo ankandidutsa.

Ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri munabwera kusukulu kudzandipatsa chinangwa chowotcha, mukundiitana m'Chilomwe, anzanga n'kuseka. Ndinakuuzani kuti, Amayi, pano musamayankhule choncho. Simunandikalipire. Munangoika chinangwa m'manja mwanga n'kubwerera. Kuyambira tsiku limenelo munkandiyankhula m'Chinyanja chokha, ndipo ine ndinkaona ngati ndapambana. Sindinakupepeseni muli moyo. Ndikupepesa lero.

Ndinayamba kufunsa amayi achikulire a Chilomwe pamzere, amene munawoloka nawo mtsinje wa Ruo. Onse anandiyankha chimodzimodzi. A Filipina, azamba aja, anaika dengu pansi n'kundiuza kuti, "Mwanawe, mawuwo tinkawamva, koma si athu. Ife sitingakupatse chinthu cha m'nyumba ya eni. Pita kwa abambo ako."

Abambo, Amayi, akhala ovuta chichokereni inu. Sadwala, amadya, amaluka madengu awo a tiyi monga kale, koma mawu awo patsiku mutha kuwawerenga ndi dzanja limodzi. M'kachisi mukudziwa kuti salowa, ndipo ngakhale pamaliro anu anaima kunja, pansi pa mtengo wa mbawa. Ndinawapeza masana akung'amba nsungwi. Ndinagwada, ndinanena chimene ndadzera. Sanakweze mutu. Anati, "Nyimboyo inapita ndi mwini wake." Ndinadzuka n'kubwerera.

Sabata yonse ndinavutika. Lamulungu la kanjedza linadutsa, anthu akundifunsa ngati ndakonzeka, ine n'kumangoti inde. Ndinaganiza zongoyimba ndime ziwiri, kapena kung'ung'udza yachitatu popanda mawu, ndani akanandigwira? Koma ndinkamva inu mukunena zija munkanena ndikabisa masamba okhwima pansi pa dengu, kuti sikelo ungainamize koma khosi lako likudziwa chimene lasenza.

Lachiwiri ndinabwereranso. Ulendo uno ndinakonzekera njira yonse kuchokera kumunda, ndipo nditagwada ndinawapempha m'Chilomwe. Chinali Chilomwe chothyokathyoka, Amayi, mukanatseka makutu. Zikuoneka kuti m'malo monena kuti ndikupempha nyimbo, ndinanena china chokhudza mbuzi. Abambo anandiyang'ana, kenaka anaseka. Kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba chichokereni inu. Atatha anapukuta m'maso, anakankhira nsungwi pambali, anati, "Khala bwino, ndikuuze. Iwe si mwana wathu woyamba."

Amayi, munandibisiranji?

Anandiuza za Muhiwa. Anati pamene munkathawa ntchito yokakamiza tsidya lija, munali ndi mwana wamwamuna amene anali atangoyamba kuyenda. Anati ankakonda kugwira khutu la Abambo akakhala paphewa. Anatentha thupi panjira, masiku anayi, inu mukumubereka, Abambo atasenza mphika ndi khasu. Munawoloka naye Ruo ali moyo. Anamwalira tsidya lino, madzi asanaume pansalu yanu. Munamuika pansi pa mkuyu, Abambo akukumba ndi khasu, inu mukuchotsa dothi ndi manja, munaikapo miyala itatu, n'kupitiriza ulendo chifukwa anzanu sakanadikira. Simunabwererekonso.

Anati mutakhazikika pa esiteti pano, nonse awiri munayamba kalasi ya ubatizo, ndipo iwo ndi amene ankayankha bwino mafunso kuposa inu. Tsiku lina kunabwera mlaliki wina wodutsa, amene ananena kuti aliyense wofa asanabatizidwe ali kunja kwa ufumu, kaya ndi wamkulu kaya ndi khanda. Abambo anaimirira pakati pa ulaliki n'kutuluka. Mawu awo ndi awa, ndawasunga monga ananenera: "Ndinauza amayi ako kuti ngati mwana wanga ali kunja, ine sindingalowe n'kumusiya yekha. Amayi ako anati, chabwino, inu khalani naye kunjako, ine ndilowe ndikamunenere m'kati. Ndipo sitinakanganeponso nkhani imeneyi mpaka tsiku limene anatisiya."

Ine ndinakula ndikuganiza kuti Abambo ndi ouma mtima, ndipo nthawi zina ndinkachita nawo manyazi pamaso pa aphunzitsi. Ndinalira pamenepo, pakati pa zing'ambo za nsungwi. Iwo anandisiya ndilire. Kenaka anayamba kundiphunzitsa ndime ija, liwu ndi liwu, osayimba, kungonena, ine n'kumabwereza mpaka lilime litazolowera. Ndipo anandimasulira. Inu amene munatuluka m'manda a mwala, mumadziwanso manda opanda chizindikiro. Pansi pa mkuyu wa pa Ruo pagona Muhiwa. Tsiku loitana anthu anu, mudzamuitane ndi dzina lake.

Zaka zonse zija ndinkagwada pambali panu, osadziwa kuti mukunenera mlongo wanga.

Apa panabuka vuto lina. Aphunzitsi a Yotamu ndi Amang'anja, Chilomwe amangodziwa moni. Zaka zonsezi ankalola ndime imeneyi osadziwa chimene ikunena. Ndikanatha kungoyimba monga munkachitira inu. Koma ine ndinaphunzira kwa iwo, ndipo sindikanatha kuwayang'ana m'maso. Lachitatu nditaweruka ndinawapeza akusesa m'kachisi okha, ndinawauza zonse. Akanakana, ndikanataya nyimbo yanu ndi pakamwa panga pomwe.

Anakhala pabenchi, tsache lili m'manja. Kenaka anati, "Esinati, ine sindine mbusa. Zimene Mulungu amachita ndi ana otere sindinaziwone, ndipo sindinganame kuti ndikuzidziwa. Koma mawu awa sakuphunzitsa chilichonse, akungopempha. Ine sindinapatsidwe mphamvu yoletsa mayi kupempha. Amayi aja a m'Baibulo anapita kumanda a Ambuye asakudziwa amene adzawakunkhunizire mwala, koma anapitabe." Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mpingo wonse umve tanthauzo lake tisanayimbe, pasakhale wovomera ameni pa chinthu chimene sakuchidziwa. Ndinakafunsa Abambo ngati alola. Anati, "Mwini wake ankabisa chifukwa cha ine. Nena."

Lachisanu tinalowa m'munda kukadali mame. Amayi, simunaone anthu akuthyola chotero! Amene wamaliza mzere wake ankalowa mumzere wa mnzake, Alomwe ndi Amang'anja osasankhana, ndipo a Mpoya ankangoyenda uku ndi uku akuyang'ana kumwamba ngati sakuona. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titapimitsa. Tinapita kukachisi osasamba n'komwe. Aphunzitsi anawerenga za mtanda, ndipo atatha anandiitana kutsogolo kuti ndimasulire ndime ija.

Ndinanena m'Chinyanja. Kenaka ndinamva munthu akulira kumbuyo, ndipo anali a Nasibeko. Potuluka anandigwira dzanja, anandikokera kuseri. Anati, "Anga ndi awiri. Wina anakhala masiku asanu, wina sanafike mwezi, onse anapita abusa asanabwere kudzawabatiza. Amayi ako ankadziwa, ndiwo anandithandiza kusambitsa wachiwiriyo. Ndiye zaka zonsezi ine ndinkatukwana nyimbo imene inkanenera ana anga omwe?" Anati, "Undiphunzitse. Lero lomwe."

Loweruka tinazira m'kachisi ndi dothi lakuda la kudambo, tinakongoletsa m'mbali ndi lofiira, atsikana anabweretsa maluwa achikasu a m'mphepete mwa msewu. Nthawi yonseyi a Nasibeko anali pambali panga, manja ali matope, akubwereza mawu a Chilomwe. Lilime lawo linkakana. Amayi a Chilomwe ankaluma milomo kuti asaseke, ndipo a Filipina anatuluka panja kawiri.

Dzulo a Petulo anaimba chitsulo chija timachiyesa belu tambala atalira kachiwiri. Kunali nkhungu, tiyi yense ali mbuu, ndipo tinayenda mumzere umodzi m'kanjira ka pakati pa munda, nsalu zikunyowa ndi mame. Ndinayambitsa ndime yoyamba pakhomo pa kachisi, anthu anavomera bwino. Yachiwiri tinayimba tikutsika. Titafika kumanda kunali kutayera moti n'kuona nkhope ya munthu. Ndinaona Abambo ataima patali, kunja kwa mpanda wa minga, atafunda bulangete lawo. Sindinawauze kuti abwere.

Anthu anagwada. Ine ndinali pafupi ndi mtumbira wanu, umene udzu wayamba kale kumera. Ndinayamba ndime yachitatu, mzere woyamba unatuluka bwino. Pofika pa mkuyu wa pa Ruo, ndinalephera kupitiriza. Ndinayesa, mawu osatuluka. Ndinangoima pamenepo kukamwa kuli yasa ngati mwana.

Amene anaitola ndi a Nasibeko. Anaitola ndi mawu awo aakulu aja, Chilomwe chake chopindikapindika, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Koma pofika pa dzina analephera, anati Muyiwa. Ndiye kuchokera kumpanda kuja tinamva mawu a Abambo, okweza, ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje: "Muhiwa! Dzina lake ndi Muhiwa."

A Nasibeko anaima. Anatembenuka, anati, "Pepani bambo. Tithandizeni." Abambo sanalowe mumpanda. Koma anayimba ali pomwepo, kuyambira pa dzinalo mpaka kumapeto, ndipo amayi a Chilomwe anawalandira, kenaka tonse. Sindinkadziwa kuti Abambo ali ndi mawu otere. Titamaliza, a Nasibeko anatchula maina a ana awo awiri, ndipo mayi wina anatchula la wake, winanso la wake, mpaka ndinasiya kuwerenga. Aphunzitsi anadikira onse atatha, ndipo pamene anati, Ambuye auka, kuyankha kwake kunamveka mpaka kufakitale.

Musaganize kuti zonse zatha bwino ngati nthano. Pobwerera Abambo sanalowe m'kachisi. Anakhala pa mwala wa pakhomo, miyendo ili kunja, koma anakhalapo mpaka mapemphero kutha. Za ubatizo sananene kanthu, ndipo ine sindiwafunsa. Enanso mumpingo sanakondwe. Mkulu wina wauza aphunzitsi kuti zimene zinachitika kumanda zikufanana ndi kupembedza mizimu, ndipo akanena kwa abusa. Aphunzitsi ayankha kuti adzanena okha abusa akangotsika panjinga. Akuti Pasaka si tsiku limodzi, ndi masabata asanu ndi awiri mpaka Pentekoste, ndipo akonza kuti Lamulungu lililonse tiziwerenga za munthu mmodzi amene Ambuye anamuonekera atauka, kuyambira Mariya, kenaka Tomasi, kenaka awiri aja a panjira. Nyimbo yanu aiika potsekera masabata onsewo, pokhapokha abusa akailetsa. Kaya adzati chiyani, sindikudziwa, ndipo ndikuopa ndithu. A Nasibeko akuti adzakhala kutsogolo tsiku limenelo, abusa adzayambe awayankha iwo. Inu mukuwadziwa akatero.

Lero m'mawa ndikunyamula dengu, Abambo anandiitana. Anati, "Masamba akachepa, nthawi yodulira tiyi, ndikufuna ndikaone mkuyu uja. Miyendo ikadalipo. Koma maso anga sakuona patali." Ndinawafunsa ngati adzaukumbuke, poti papita zaka zambiri ndipo mitengo imagwa. Anati pali mwala waukulu wong'ambika pakati pafupi ndi powolokera, ukauona umenewo uyende kumanja. Anati akapanda kuupeza mtengowo adzadziwabe dothi lake.

Choncho ndapempha kale kwa a Mpoya masiku anayi m'nyengo yozizira, ndipo a Petulo akuti adzasema kamtanda ka mtengo wa mlombwa kopepuka kunyamula. Ndawafunsa Abambo ngati kamtandako sikawavuta. Akuti ndinyamule ine, iwo adzanyamula khasu lolimira udzu.

Ndidzapita nawo, Amayi, ndikulonjeza. Ndidzawagwira dzanja potsetsereka, sindidzawathamangitsa, ndipo tikapeza malowo ndidzamuuza mlongo wanga kuti ndine ndani, m'chiyankhulo chimene iye ankamva. Ndikuphunzira tsiku ndi tsiku, Abambo akundikonza.

Gonani bwino. Ndimakukondani kwambiri.

Ine mwana wanu wachiwiri,
Esinati